Buleki Muwasiyire Ana

Ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pa sukulu ya pulayimale. Anthu ena akamva zimenezi amaganiza kuti ntchito yanga ndi kuponyera ana mpira n'kukakhala pamthunzi. Ena amanditenga ngati wokonza zochitika: likafika tsiku la mipikisano, itanani uja wa wenzulo, pakafunika kusonkha ndalama zothandizira odwala, itanani yemweyo. Ntchito zimenezi ndimazikonda. Koma poti zonse zimadutsa m'manja mwanga, ndimaona chinthu chimene anzanga ophunzitsa m'kalasi sachiona msanga. Bwalo ndi limodzi, tsiku la sukulu ndi lalifupi, ndipo pali zinthu zitatu zolimbirana malo omwewo: phunziro langa, zochitika zosonkhetsa ndalama, ndi nthawi imene ana amasewera okha popanda wowauza chochita. Zikalimbana, chogonja nthawi zonse chimakhala chachitatucho, chifukwa chilibe munthu wamkulu wochiyankhulira.

Ndiyambe ndi phunziro langa, kuti wina asaganize kuti ndikulipeputsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu malangizo ake a 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zothamangitsa mtima ndi kutulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 pa tsiku, tikagawa mofanana masiku a sabata yonse, ndipo masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata pazikhala zolimbitsa minofu ndi mafupa. Phunziro langa silingakwanitse zimenezi. Limabwera mwa apo ndi apo pa sabata, ndipo mukachotsapo nthawi yotuluka m'kalasi, yomanga zingwe za nsapato, yofotokoza ndi yobweza zipangizo, chotsala n'chochepa. Ndiye ntchito yake ndi yotani? Kwa ine ndi kupatsa mwana luso loti akalitenga azikaligwiritsa ntchito ine kulibe: kuwakha mpira osatsinzina, kuponya chapamwamba, kudumpha n'kutera bwino, kugwa osadzipweteka, kuthamanga n'kukhota osawomba mnzake.

Chingwe ndiye chitsanzo chimene ndimachidziwa bwino. Mwana wa zaka 6 ukangomupatsa chingwe amachipukusa ndi phewa lonse, n'kudumpha ngati akuwoloka ngalande, n'kutera ndi zidendene, phii. Chingwe chimamukola, amayesanso, chimamukolanso, kenako amachitaya n'kunena kuti iye satha. Choncho timayamba opanda chingwe, kungodumpha pamalo amodzi ndi nsonga za mapazi, mawondo opinda pang'ono, kadumphidwe kakang'ono koti pepala lokha lidutse pansi. Kenako chingwe chimagona pansi, iye n'kumachidumpha uku ndi uku. Akazolowera ndimamugwiritsa mbali zonse ziwiri m'dzanja limodzi, azichipukusa chapambali, azidumpha chikamenya pansi. Apa n'kuti tikuphunzitsa khutu, limve kuti tha, tha, tha, mapazi azitsatira. Kutalika kwake timayeza pomupondetsa pakati pa chingwe, zogwirira zifike kukhwapa. Zigongono zisatalikirane ndi nthiti, chopukusa chikhale dzanja lokha. Ndiye limafika tsiku loti chingwe chadutsa pansi pa mapazi kamodzi, kawiri, ndipo mwana amaima, maso ali tong'o: "Aphunzitsi, mwaona? Mwaona?" Ndimakhala nditaona, ndipo sinditopa nazo. Kudumpha kumeneku kumapindulitsanso mafupa, chifukwa fupa limalimba likamalandira kulemera kwa thupi mobwerezabwereza, ndipo zaka za ubwana ndi za kutha msinkhu ndi pamene limamangika kwambiri.

Pali zinthu zimene sindizilola m'phunziro langa. Mzere wautali wa ana odikira mpira umodzi, ayi. Bola magulu ang'onoang'ono ngakhale mipira yake ikhale yakutha. Masewera oti wolephera azituluka, ayinso, chifukwa woyamba kutuluka ndi yemwe uja amafunika kuyeserera kwambiri, ndipo amathera phunziro lonse atakhala pansi kuonerera akatswiri. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kuimika makaputeni awiri kuti azisankha anzawo mmodzimmodzi. Yang'anani nkhope ya mwana wotsala pomaliza, mmene amayang'anira pansi n'kumakumba dothi ndi chala cha kuphazi. Mwana ameneyo waphunzira kanthu tsiku limenelo, ndipo chimene waphunzira n'chakuti bwalo si malo ake. Mu 2019 ofufuza a WHO anatulutsa zotsatira zochokera kwa ana a sukulu 1.6 miliyoni a m'mayiko 146, zosonyeza kuti mwa achinyamata 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17, okwana 81 sachita masewera okwanira. Kwa atsikana chiwerengerocho chinali 85, kwa anyamata 78. Ndikamawerenga manambala amenewa ndimaona ana amene ali m'manja mwanga lero. M'mera mpoyamba. Mtsikana wosiya kuthamanga ali ndi zaka 13 nthawi zambiri amakhala kuti anayamba kudzikayikira ali ndi zaka 8, pabwalo ngati langali.

Tsopano za kusonkha ndalama.

Chaka chilichonse timakhala ndi tsiku lodumpha chingwe pofuna kuthandiza odwala. Nzeru imeneyi si yathu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa masewera wa ku Milwaukee ku America, Jean Barkow, anakonza tsiku lotere pa sukulu yake, ndipo bungwe la American Heart Association linaitenga n'kuifalitsa m'sukulu za dziko lonselo ndi dzina lakuti Jump Rope for Heart. Ku Australia nako anayamba zofananazo mu 1983. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mwana alibe malipiro, alibe chuma, koma ali ndi miyendo ndi mpweya, ndipo tsiku limeneli amazindikira kuti thukuta lake likhoza kusanduka thandizo kwa munthu amene sanamuonepo. Phunziro limeneli ndi lalikulu, ndipo silingaphunzitsidwe ndi choko.

Vuto lili m'kachitidwe kamene sukulu zambiri zinazolowera. Mwana aliyense amapatsidwa fomu yoti akalembetse achibale ndi anansi olonjeza ndalama. Pakhoma amamata tchati cha mayina, aliyense ndi mzere wake wokwera malinga ndi zimene wabweretsa. Wobweretsa zambiri amaitanidwa kutsogolo pa asembule, amalandira mphoto, ena n'kumawomba m'manja. Koma kodi tikuwombera chiyani? Mwanayo sanadumphe kuposa anzake. Bambo ake anatenga fomu ija kupita nayo kuntchito, ikazungulira maofesi n'kubwera yodzaza. Mnzake wokhala naye desiki imodzi, amene mayi ake akulera okha ana angapo, sanayerekeze n'komwe kuitulutsa m'chikwama.

Chaka china panali mtsikana wodziwa chingwe kuposa onse a m'kalasi mwake, woti ankatha kupingasa manja ali m'mwamba, chingwe n'kudutsa bwinobwino. M'mawa wa tsiku lodumpha anabwera kwa ine mwakachetechete, anzake akuvula majuzi.

"Aphunzitsi, ine lero ndingokhala wopukusira anzanga."

"Bwanji? Mwendo ukupweteka?"

Anapukusa mutu. Anapisa m'thumba n'kutulutsa fomu yopindidwapindidwa mpaka kukhala kanthu kakang'ono, n'kundipatsa osandiyang'ana. Munalibe dzina ngakhale limodzi. Iye m'mutu mwake anali atawerengera kale kuti wopanda ndalama alibe chodumphira. Ndinamuuza kuti timu yake ikumudikira ndipo fomuyo ndisunga ine. Anadumpha, koma nkhope yake sinamasuke tsiku lonse. Tsiku lophunzitsa ana chifundo linali litamuphunzitsa iye manyazi.

Ndikamakambirana ndi anzanga nkhani imeneyi ndimakonda kutchula Terry Fox wa ku Canada. Mnyamata ameneyu anamudula mwendo wakumanja mu 1977 chifukwa cha khansa ya m'fupa. Pa 12 Epulo 1980 ananyamuka ku St. John's ndi mwendo wochita kupanga, cholinga chake chili kuthamanga kudutsa dziko lonse la Canada kuti asonkhetse ndalama zofufuzira khansa. Ankathamanga makilomita pafupifupi 42 tsiku lililonse. Atatha masiku 143 ndi makilomita 5,373 anaima pafupi ndi Thunder Bay chifukwa khansa inali itafalikira kumapapo, ndipo anamwalira mu Juni 1981 ali ndi zaka 22. Pempho lake linali lakuti munthu aliyense wa m'dzikolo apereke dola imodzi. Sanafunse kuti wopereka zambiri ndani. Mpaka pano sukulu zambirimbiri zimachita mwambo wothamanga pomukumbukira wotchedwa Terry Fox Run chaka ndi chaka, ndipo mwambowu si mpikisano, ulibe ndalama yolowera, ulibenso mlingo woti wopereka asachepere pamenepo. Ana akamva nkhani yake amakhala chete. Funso limene amafunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Ndiye sunkamupweteka mwendowo?" Ndimawauza kuti unkamupweteka, mpaka kutuluka matuza ndi magazi pamene unadulidwira paja.

Pa sukulu yathu tinasintha zinthu pang'onopang'ono, osati popanda mkangano. Tchati cha mayina chinachoka. Mwana aliyense amalandira envelopu yopanda dzina, amaibweza yomata, kaya muli kanthu kaya mulibe, n'kuiponya m'bokosi limodzi. Chimene timalengeza ndi ndalama za sukulu yonse pamodzi. Chimene timawerenga poyera ndi kudumpha, kalasi ndi kalasi, ndipo wopukusa chingwe chachitali, wowerenga, ngakhale wa pa njinga ya olumala amene amazungulira bwalo, onse amalowa m'chiwerengero. Ana a makalasi akuluakulu ndiwo amasankha kumene thandizo lipite, pakati pa mabungwe angapo amene komiti ya makolo yawafufuza. Ndalama zikapita timabwera ndi lisiti ndi kalata yoyankha, n'kuziwerenga pa asembule, chifukwa mwana amene watuluka thukuta ayenera kumva kumene linathera. Timasamalanso kayankhulidwe. Pakati pa ana omwe akutimverawo pali ena amene kunyumba kuli wodwala mtima kapena khansa, ndiye sitiyankhula za odwala ngati anthu akutali omvetsa chisoni.

Mnzanga wina, mphunzitsi wakhama amene ndimamulemekeza, amatsutsa mpaka lero. Amati, "Akulu, odwalawo akufuna ndalama, sakufuna maganizo anu abwinowo. Mphoto zimakoka ndalama." Sindikana kuti zimakoka. Ndipo mfundo yake ndi yolemera, chifukwa kumapeto kwa envelopu ija kuli munthu weniweni wofuna mankhwala. Koma ife ndife sukulu. Makolo ofuna kupereka zambiri njira ndi yotsegula, ndipo amaperekadi. Chimene sindingavomere ndi kugula ndalama zowonjezerazo ndi manyazi a mwana wa zaka 9 amene tapatsidwa kuti timusamale.

Mkangano waukulu kwambiri sunali wa mphoto ayi. Unali wa nthawi yoyeserera. Tsiku lodumpha likamayandikira pamafunika kukonzekera, ndipo nthawi zonse pamapezeka wonena kuti, "Aziyeserera pa buleki, si nthawi yosewera yomweyo?" Pomwepo ndi pamene ndimaumitsa khosi. Si yomweyo. Ine ndikaima pakati pa bwalo ndi wenzulo, kuwaika m'mizere, kuwawerengera, limenelo ndi phunziro, ngakhale ana akuseka. Kuyeserera kumachitika m'nthawi yanga ya phunziro, ndipo ndimakonza ndondomeko ya teremu kuti chingwe chigwere masabata amenewo. N'chimodzimodzinso ndi The Daily Mile, imene Elaine Wyllie anayambitsa mu 2012 pa sukulu ya St Ninian's ku Stirling, ku Scotland, yoti ana azituluka kukathamanga kapena kuyenda ndawala kwa mphindi 15 tsiku lililonse. Ndi nzeru yabwino kwambiri, bola mphindi 15 zimenezo zisadulidwe ku buleki.

Chifukwa chake ndi zimene ndimaona ndikakhala pa dyute. Tsiku lina gulu la ana linkasewera chipako, mtengo wa pakona uli nyumba yoti ukaugwira sangakupake. Kamnyamata kena kakang'ono kanangoukumbatira mtengowo osachokapo. Wothamangitsa anatopa: "Iwe, sutuluka bwanji? Masewera akufa!" Iko kanati palibe lamulo loletsa. Anayamba kukangana, mawu kukwera, wina kuopseza kuti achoka akasewere zina. Mtsikana wina anati pamtengo munthu azikhala mpaka kuwerenga teni basi. Kamnyamata kaja kanakana, kakuti akuluakulu amawerenga mothamanga dala. Wina anati ndiye tiziwerenga ndi kuwomba m'manja, onse pamodzi. Anayesa, zinatheka. Kenako mnyamata wamkulu uja, yemwe anayamba kukalipayo, anati ang'onoang'ono aziwerengeredwa kawiri chifukwa miyendo yawo ndi yaifupi. Masewera anayambiranso. Mkanganowo unadya gawo lalikulu la buleki, ndipo ine ndikanauthetsa ndi kuimba wenzulo kamodzi. Ndinaika manja m'thumba.

Taonani chimene chinachitika pamenepo. M'phunziro langa mwana sangachoke, malamulo ndi anga, ndipo wolakwiridwa amathamangira kwa ine. Pa buleki aliyense ali ndi ufulu wonena kuti "ine ndasiya", ndipo akasiya ambiri masewera amatha. Ndiye wamphamvu amakakamizika kuganizira wofooka, osati chifukwa mphunzitsi wanena, koma chifukwa akufuna kuti masewera apitirire. Mnyamata uja sanawapatse ang'onoang'ono mwayi wowirikiza chifukwa choti ndinamuphunzitsa chilungamo Lachiwiri. Anaona yekha kuti popanda iwo atsala ndi anthu atatu. Chifundo chimene timachifuna pa tsiku la maenvelopu chija chimayambira apa, pa zinthu zazing'ono zoterezi, tsiku ndi tsiku.

Si ine ndekha woganiza chonchi. Mu 2013 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linalemba kuti buleki ndi yofunika pa kakulidwe ka mwana, kuti imathandizana ndi phunziro la masewera koma china sichingalowe m'malo mwa chinzake, ndiponso kuti isamalandidwe ngati chilango kapena pofuna kuwonjezera nthawi ya maphunziro. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, mu gawo 31, limatchula kupuma ndi kusewera ngati ufulu wa mwana, ndipo kuyambira 2024 tsiku la 11 Juni linakhazikitsidwa kukhala lokumbukira kusewera padziko lonse. Ku Finland sukulu zambiri zimapereka mphindi 15 zopuma pakatha mphindi 45 zilizonse za phunziro, ana n'kutuluka panja ngakhale kukuzizira.

Za chilangozi zimandiwawa kwambiri. Mwana amene amauzidwa kuti "iwe lero sutuluka" nthawi zambiri ndi uja wosakhazikika pampando, wogwedeza miyendo, wotembenukira kumbuyo. Thupi lake likupempha kuthamanga, ife n'kumulanda mpata wokhawo wothamangira, kenako n'kumadabwa kuti masana wafika posautsa. Ndimawapempha anzanga kuti ngati mwana walakwa apeze njira ina, koma belu likalira atuluke.

Kusiyira ana buleki sikutanthauza kuti wamkulu azikhala mu ofesi. Ndimakhala pomwepo, maso ali ponseponse, koma ndimasankha polowerera. Kulimbana kwa masewera ndi ndewu zimasiyana, ndipo nkhope ndi imene imakuuza: olimbana mosewera amaseka, amasinthana wokhala pansi, wamkulu amadzigwetsa dala, ndipo akamaliza amachoka limodzi. Mmodzi akasiya kuseka, kapena akakhala yemweyemweyo wogwetsedwa tsiku lililonse, pamenepo ndimafika msanga. Wofufuza wa ku Norway, Ellen Sandseter, anagawa masewera okhala ndi kachiopsezo m'mitundu 6: kukwera pamwamba, liwiro, zida zoti zingavulaze, kusewera pafupi ndi zinthu ngati madzi kapena moto, kulimbana, ndi kupita kobisika kumene akulu sakukuona. Pa sukulu sitingalole zonsezi, koma kukwera, liwiro ndi kulimbana ana amazifuna, ndipo mwana amaphunzira kuyeza kutalika kwa nthambi pokwera nthambi. Msomali wotuluka pa thabwa kapena botolo losweka mu udzu, zimenezo ndi ntchito yanga kuzichotsa, chifukwa mwana sangazione n'kusankha. Bondo losupuka timatsuka, kumata pulasitala, iye n'kubwerera.

Chinanso chimene ndimalowererapo ndi malo. Mukalisiya bwalo osaliganizira, mpira wa anyamata akuluakulu umatenga pakati ponse, atsikana ndi ang'onoang'ono n'kukanikizidwira m'mphepete mwa khoma. Tinagawa bwalo kuti mpira ukhale ndi mbali yake, ndipo masiku ena upume. Anyamata anadandaula sabata yoyamba, kenako ena a iwo ndinawapeza ali pa mzere wa chingwe chachitali. Ndimayang'ananso mwana woyenda yekha m'mphepete mwa mpanda. Ena amafuna kukhala okha, kutola timiyala, kuyang'ana nyerere, ndipo kumeneko n'kusewera ndithu, sindiwasokoneza. Koma wina umaona kuti maso ake ali pa gulu, mapazi akukana. Ameneyo ndimamupatsa mbali imodzi ya chingwe n'kugwira inayo ine, ndipo pakangobwera wachitatu ndi wachinayi ndimapereka mbali yanga kwa wina n'kuchokapo.

Tsiku lodumpha likatha, zingwe sizibwerera m'kabati yokhoma. Timaziika m'bokosi pakhomo lotulukira, pamodzi ndi matayala akale, makatoni ndi nsalu zakutha. Zimenezi ndinatengera ku bwalo la ana la ku Emdrup, mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, limene linatsegulidwa mu 1943 potsatira maganizo a C. Th. Sørensen, katswiri wokonza mapaki amene anaona kuti ana amakonda kusewera pamalo omangapo nyumba ndi pa zinthu zotayidwa kuposa pa mabwalo okongola amene akulu anawakonzera. Masabata otsatira bwalo lonse limangomveka tha, tha, tha, ndipo kadumphidwe kena kamene ndimakaona sindinaphunzitsepo: awiri m'chingwe chimodzi, kulowa chammbuyo, nyimbo zowerengera zimene apeka okha. Zingwe zina sizidumphidwa n'komwe. Chimodzi chimakhala mtsinje wa ng'ona, china malire a sitolo, china chokokera galimoto ya katoni. Malamulo anga pa zingwezi ndi awiri: chingwe sichifika pakhosi pa munthu ndipo sichimangidwa m'mwamba, komanso belu likalira chimabwerera m'bokosi. Zimaduka, zina zimasowa, ndipo teremu iliyonse ndimakapempha zina kwa ahedi. Ulendo uno ndapempha zazitali zambiri kuposa zazifupi, chifukwa chachitali sichiseweredwa ndi anthu ochepera atatu, ndipo ndi chimene ana a kalasi yoyamba amalimba mtima kulowamo akaona akuluakulu akupukusa pang'onopang'ono.